Mtedza wa Rozalina

Khalani pansi kaye, ana inu. Fatima, tula nsaluyo kumutu, upume. Zeka, ika telefoniyo m'thumba, manja akowo ndikuwafuna. Kokera dengu ilo kuno, tizisenda mtedza uku ndikuyankhula, poti ine pakamwa pamayenda bwino manja akakhala ndi chochita. Mwayenda mtunda wonsewu dzuwa lili paliwombo kudzandifunsa funso limodzi, ndipo ndalimva. Mukufuna kudziwa ngati n'zoona zimene akunena anthu kumsewu kwanuko, zoti amayi anu awadula atate anu ndi mchere. Ndikuyankhani, koma yankho lake ndi lalitali, ndipo wochita manyazi m'nkhaniyi ndi ine agogo anu.

Inu ophunzira kushikola mawu akuti mdulo mwawamva chaka chino. Ife tinakula nawo. Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi ankamukhazika pansi n'kumuuza za mchere. Ukakhala kumwezi, suthira mchere m'ndiwo. Ukayenda ndi mwamuna wina kuseri, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wako, ndiye kuti wamudula: ayamba kuwonda, miyendo kutupa, mpaka kumanda. Fatima, usayang'ane pansi, ndiwe wamkulu tsopano. Ku misa tinkapita Lamulungu lililonse, kolona ali m'khosi, koma za mchere panalibe woseka nazo. A padiri ankadziwa za kumwamba, za mumphika tinkamvera anamkungwi.

Ndinali ndi mlongo wanga mmodzi yekha, Luwizi, amene anandiponda pamutu. Simunamuone, anapita inu musanabadwe. Anali wocheka matabwa. Lero mtengo wa mlombwa umagwa ndi motosera, macheka a injini aja, munthu asanamalize ndudu, koma nthawi imeneyo ankakumba dzenje, n'kugoneka chipika pamwamba pake, ndipo anthu awiri ankakoka macheka aatali, wina pamwamba, wina m'dzenjemo utuchi ukumugwera m'maso. Luwizi ankakhala wapamwamba chifukwa anali ndi diso lowongoka. Zitseko za kapela wathu uja anacheka ndi iye, ndipo mpaka lero sizinapindike. Mukapita ku misa mukazigwire.

Anakakwatira ku Mualadzi, n'kukhala komweko pachikamwini. Mkazi wake anali Rozalina, kamkazi kafupi, kosayankhulayankhula. Ine sindinkamukonda, ndinene zoona, ndipo chifukwa chenicheni ndinalibe. Ndinkamuseka kaphikidwe. Ndiwo zake zonse zinali zotendera: nkhwani nsinjiro, khwanya nsinjiro, bowa nsinjiro, ngakhale m'phala la m'mawa ankathiramo. Ndinkauza anzanga kuti mlamu wangayu tsiku lina adzatendera ndi madzi akumwa omwe.

Nkhondo itafika tinathawira ku Zambia tonse. Za kumeneko ndidzakuuzani tsiku lina, lero mungodziwa ziwiri. Agogo anu aamuna anatsala komweko, m'manda a eni ake. Ndipo Luwizi anaphunzira mowa komweko, poti kumsasa kunalibe mtengo woti acheke, ndipo munthu wa manja ngati iye kukhala chabe kunkamudwalitsa. Pobwerera kuno tinapeza minda itasanduka tchire. Ine ndinali ndi ana atatu, wopanda mwamuna, wopanda mbuzi. Ndiye ndinayamba kutcheza kachasu.

Musandiyang'ane choncho, yunifomu ya atate anu inachokera mumtsuko umenewo. Ndinkakonola chimanga, mphale n'kuviika kuti ndipeze ufa woyera, gaga n'kusunga. Gagayo ndi shuga, kapena masau ikakhala nyengo yake, ndinkaziviika masiku angapo mpaka zitawira zokha. Kenako mtsuko pamoto, pakamwa pake nditamata ndi dothi, chitsulo choboola chitadutsa m'kabwato ka madzi ozizira, kumapeto kwake garafa, botolo lija, ikulandira madontho. Woyamba kudontha tinkamutcha mutu, ndipo ukathira pamoto ankayaka. Wanga anali ndi mbiri. Anthu ankachoka ku Nsadzo pa njinga kudzamufuna, ndipo Luwizi akabwera kudzandiona sankabwerera chimanjamanja.

Munthu wa kachasu sadya, ana inu, zimenezi mwaziona nokha kwanu. Mowa umamunamiza kuti wakhuta. Rozalina ankamulondola mwamuna wake ndi mbale mpaka pamowa, n'kukhala pambali pake kufikira atadya, amuna onse akumuseka. Akakana nsima, ankamuthirira mtedza wokazinga m'thumba la kamiza, malaya ake. Ine ndikamva ndinkati akuchititsa mlongo wanga manyazi pagulu.

Matenda a Luwizi ankabwera ndi dzuwa la chilimwe. Chaka choyamba kunja kwa manja kunafiira ngati wapsa ndi madzi otentha, kenako kunada, n'kuyamba kusupuka. Titakolola zinazilala. Chaka chachiwiri zinabweranso, n'kuzilalanso. Chachitatu Luwizi anali atasiya macheka, akumwa kuyambira m'mawa, ndipo mbale ya Rozalina inkabwerera yodzaza. Uthenga unandipeza kuti ndikamuone.

Ndinamupeza pakhonde. Khungu la manja linali lakuda, lokakala, long'aluka ngati matope a kudambo mvula isanagwe, ndipo linkalekezera ndendende pamene pankayambira mkono wa kamiza. Pamwamba pa mapazi chimodzimodzi, kungosiya mizere pamene pankadutsa zingwe za nsapato zake za matayala. Ndiye m'khosi. Chinthucho chinazungulira khosi lonse n'kutsikira pachifuwa, pamene kamiza imatseguka. Ana a pamudzipo ankati a Luwizi avala mkanda. Lilime linali lofiira, akuti chakudya chikumuwotcha mkamwa, ndipo kuchimbudzi ankapita kosaleka. Miyendo inali itayamba kutupa.

Ena anati ndi khate, koma wakhate samva kuwawa, pamene iye ankati manja akuyaka. Pobwerera, mayi wina wachikulire anandiperekeza mpaka kumtsinje, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndikudziwa kumene mlamu wanga amagulitsa mtedza. Ndinati ku Cassacatiza, kumalire. Anati, "Kumene kumagona a magalimoto akuluakulu kuja?" Kenako anatembenuka kubwerera kwawo. Ine ndinamaliza ndekha, ndipo ndinasangalala kumaliza, chifukwa mdulo unkaloza Rozalina, sunkaloza mtsuko wanga. Zimenezi ndikuziona lero, tsiku limenelo ndinkangomva ukali.

Ndinabwereka ngolo ndi ng'ombe ziwiri n'kupita kukamutenga mlongo wanga. Ndinafika ndi phokoso, mudzi wonse unatuluka. Ndinanena zonse pabwalo, za mchere, za Cassacatiza. Rozalina anathandiza kumukweza Luwizi m'ngolo, anamuyalira nsalu yake, kenako anagwada pafupi ndi gudumu.

"Alamu," anatero, "mutengeni poti mwafuna, ndi m'bale wanu. Koma yekha sadya, mpaka munthu amukhalire pafupi. Nsima yokhayokha saifuna. Muzimutenderako, ngakhale m'phala."

"Dzanja lakolo lathira zokwana," ndinatero. "Lisakhudzenso chakudya chake."

Ndinamusamalira Luwizi, ana inu, musaganize kuti ndinamutaya. Chimene chimandiwawa n'chimenecho. Ndinkamuphikira ufa woyera, wosefa kawiri, umene timaphikira mlendo wolemekezeka. Gaga yense ankapita kumtsuko. Mkulu wina wodziwa mitengo anandipatsa mizu yomusambitsa, ndipo anandiuza zoletsa: mchere ayi, mtedza ayi, mazira ayi, nyama ayi, chifukwa zamafuta zimadyetsa zilonda. Ndinasunga zonse, sindinaphonye n'chimodzi chomwe. Phala loyera m'mawa, nsima yoyera ndi therere lopanda kanthu masana. M'mawa uliwonse ndinkamuyalira mphasa pabwalo, n'kumuvula kamiza kuti dzuwa liumitse zilondazo. Ndipo akayamba kunjenjemera manja, akundiyang'ana ndi maso aja, ndinkamutungira kakapu ka mutu kuti akhazikike. Ndinkati ndi chifundo.

Patapita masabata atatu, Rozalina anabwera wapansi kuchokera ku Mualadzi, dengu la mtedza wosasenda lili pamutu. Ananyamuka kusanache, anafika dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu. Ndinamuimitsa pankhokwe.

"Sindilowa, alamu. Sindikhudza mphika wanu. Uwu ndi wamakoko, dzanja langa silinafike mkati. Musende nokha, musinje nokha."

Ndinamuuza kuti abwerere ndi katundu wake. Anatula dengulo m'mbali mwa njira, n'kutembenuka. Ngakhale madzi akumwa sindinamupatse. Luwizi anali kuseri kwa nyumba, ndipo anamva mawu. Anaitana kuti, "Achemwali, si Rozalina ameneyo?" Ndinamuyankha kuti ndi wogulitsa nsomba.

Kutaya chakudya sindinaphunzire, ndiye dengulo ndinalikweza patsindwi la khola, kutali ndi miphika.

Kenako mutu unasokonekera. Anayamba kunditcha amayi. Ankaiwala kuti wadya kapena sanadye, ankalira popanda womuputa. Masana ena ndinamupeza ataimirira pamphasa, miyendo yotupayo atatang'adza, manja onse awiri akukwera ndi kutsika, akukalipira mnzake wa m'dzenje kuti akoke mowongoka. Panalibe macheka, panalibe dzenje. Ndinakhala pansi n'kulira, koma ngakhale pamenepo ndinkatukwana Rozalina.

Amene anatikakamiza kupita ku posto, kachipatala kathu kaja, ndi a katekista. Anati ngati n'kufa akafere m'manja mwa odziwa, ndiye mvula yoyamba itagwa tinamukwezanso m'ngolo, ulendo wa ku Nsadzo. Kumeneko tinapeza a enferimeru, anamwino achikulire, a imvi. Sanatenge nthawi. Anayang'ana manja, anayang'ana mapazi, anatsegula kamiza n'kuona mkanda uja.

"Amamwa?"

Ndinati amamwako.

"Amadya chiyani?"

Ndinawawerengera monyadira: ufa woyera, wosefa kawiri, therere, palibe mchere, palibe chamafuta.

"Mtedza mulibe kwanu? Nyemba? Nkhuku siziikira?"

"Mtedza ulipo dengu lathunthu, koma ndi woletsedwa. Munthuyu anamudula mkazi wake."

Anaika cholembera pansi. Sanandikalipire, bola akanandikalipira. "Mayi," anatero, "awa si matenda a mchere. Dzina lake ndi pelagira. Ndi njala, ngakhale munthu akudya nsima. Pali vitamina ina imene thupi siliipeza mokwanira m'chimanga chokhachokha, koma mumtedza ilimo yambiri, munyama, munsomba, munyemba. Womwa kachasu sadya, ndipo kochepa kamene wadyako mowa umakalepheretsa kulowa m'thupi. Khungu likasowa vitamina imeneyi limapsa ndi dzuwa, n'chifukwa chake muli kamiza mulibe chilonda. Sapatsirana, ndipo palibe wamuchita kanthu."

Ndinafunsa ngati alipo mankhwala. Anatulutsa timapiritsi ting'onoting'ono toyera. Anati tikanabwera mwezi wapitawo, m'mimba mukanatseka masiku ochepa, mutu ukanabwerera, khungu likanatsatira. Anamupatsabe, anamuika madzi a m'mitsempha, anayesetsa. Thupi linali litatha kale. Luwizi anamwalira tsiku lachitatu, m'mawa, akufunsa ngati wogulitsa nsomba uja anabweranso.

Zeka, senda, usaime. Maso angawa amatuluka madzi okha masiku ano.

Tsopano mverani pamene pali tchimo langa lalikulu, chifukwa zonse ndanenazi mwina a padiri akanati ndi umbuli. M'chipinda muja tinalimo atatu: ine, a enferimeru ndi wodwala. Zimene ananena anamva ndi ine ndekha. Pobwera ndi maliro anthu anandifunsa kuti kuposto akuti chiyani. Ndinati akuti tinachedwa. Sindinaname, koma zina zonse ndinameza. Ndikananena bwanji, ine amene ndinafuula pabwalo la eni ake? Ine mwini mtsuko?

Rozalina anabwera kumaliro n'kukhala kumapeto kwa amayi, yekha. Atapita kukathandiza kophika, amayi anamulanda chipande. Ine ndinaona, ndipo ndinayang'ana kumbali. Kwawo nakonso dzina linali litaipa, ndiwo zake panalibe wozidya pa zochitika. Patapita chaka anawolokera ku Zambia kwa abale a amayi ake. Ndinkati ndidzapita kukamupepesa tikakolola. Tikakolola ndinkati mvula ikayandikira, njira ikazizira. Zaka zinapita choncho, mpaka tsiku lina munthu wa njinga anatiuza pachigayo kuti anamwalira kalekale. Manda ake sindikuwadziwa.

Dengu lija ndinalitsitsa sabata imene tinaika maliro. Mvula inali itakhazikika, ndipo ine mbewu ndinalibe. Ndinasenda ndekha n'kukabzala kuseri kwa chulu. Unabereka modabwitsa. Chaka chilichonse ndimasungako mbewu, sindinagulepo wina kapena kupempha. Umene mukusendawu ndi womwewo.

Mtsuko ndinauphwanya ndi musi, chitsulo ndinaponya m'chimbudzi. Koma atate anu anali atakula kale ndi fungo lake, ndevu zikumera, ndipo kukhosi kunali kutatseguka. Masiku ano safunanso mtsuko wa munthu. Ife kachasu ankatitengera sabata kuti apse, lero pabaraka iliyonse yogulitsa zinthu pali timabotolo ta mowa tapulasitiki toti munthu abise m'thumba, ndipo mota, njinga yamoto ija, imabweretsa tina tisanathe toyambato.

Chaka chapita dzana, inu mukukumbukira, manja a atate anu anayamba kuda. Ndinangoona kamodzi. Ndinawakoka ngati mwana mpaka ku Nsadzo, anawapatsa timapiritsi tija, ndipo pasanathe mwezi khungu linasalala. Ndinaganiza kuti Mulungu wandikhululukira. Koma iwo anaseka, amvekere, "Ndiye mankhwala alipo, amayi, mukudandaula chiyani?" Ndinawatumizira thumba la mtedza, linakathera kubaraka. A enferimeru a masiku ano, kamtsikana kaulemu, anandiuza kuti mapiritsi achiritsa khungu, koma mowa ukapitirira zidzabweranso, ndipo kusiya kwa munthu wofika pamenepa kumafuna kuti amuyang'anire kuchipatala. Atate anu anati sakudwala misala kuti akagone kumeneko.

Lamulungu lapitali anabwera kuno. Kutentha konseku, kamiza atamanga mabatani mpaka pakhosi. Ndinawaitana pafupi n'kumasula batani lapamwamba ndi dzanja langa. Mkanda uli pomwepo, wakuda kuposa wa chaka chija. Ananditcha dzina la azakhali anu kawiri asanazindikire kuti akuyankhula ndi mayi wawo. Kenako anandigwira mkono, n'kutchula dzina la amayi anu.

"Amayi, Selina wandidula. Ndi zomwe zija a Rozalina anawachita amalume. Inu mukudziwa, munaziona."

Mwana wanga, wobereka ine, akunena mawu anga omwe. Anawamva ali mnyamata, ndipo palibe tsiku ndinawabweza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma anali atadzuka kale, akupepesuka kulowera kumsewu. Ndamva kuti azakhali anu ayamba kufunsa za ngolo yoti akawatengere atate anu, ndipo inu mukuti amayi anu amanga katundu kuti abwerere kwawo.

Ndiye yankho lanu ndi ili, ana inu. Amayi anu sanadule munthu. Rozalina sanadule munthu. Ngati alipo amene akugwirizira moyo wa atate anu lero, ndi mkazi amene amawalondola ndi mbale uja, ndipo akachoka, mvula ya chaka chino atate anu saiona kutha. Akatsala, sindikulonjezani kanthu. Mankhwala a khungu ndikuwadziwa, njira ya ku Nsadzo ndikuidziwa, koma a kukhosi sindinawapeze kwa Luwizi ndipo kwa mwana wanga sindikuwaona. Ndatopa, ndipo ndili ndi mantha kuti ndiika m'manda munthu wachiwiri wovala mkanda. Inu ndinu oyamba kumva nkhaniyi, ndipo ndayamba ndi inu chifukwa ndi akuluakulu mtima umandithawabe.

Kwatsala pang'ono, malizani. Makoko musataye, ndiyatsira moto. Fatima, thira wosendawo munsalu yako, umange bwino, ndipo m'njira musamatapemo. Mukawauze amayi anu kuti apongozi awo akuti amasule katunduyo, angodikira tsiku limodzi. Mawa m'mawa Zeka ubwere ndi njinga udzanditenge, miyendo iyi siifikanso kumsewu. Ukawauzenso azakhali ako ndi onse amene akunena za mdulo kuti masana asapite kutali.

Amayi anu akasinje mtedzawu, athyole nkhwani, aphikire panja pamene aliyense akuona. Mchere asatume mwana. Athire ndi dzanja lawo, ine ndili pomwepo. Woyamba kupisa m'mbalemo ndidzakhala ine, ndipo ndikameza ndidzanena zonse zimene mwamvazi, atate anu amve kapena asamve. Mbale imeneyi ndinayenera kuidya kalekale, kwa mkazi wina amene anaima pankhokwe paja.